Firiji Yaulere ya a Gordy

Inu, taimani kaye, basi yasukulu ichedwa ndithu, chipale chofewa cha pamsewu wakumtunda sanachikankhe. Ine sindikonda kulankhula pagulu, mukudziwa, m'kalasi ndimakhala kumbuyo, koma nkhani ya amalume anga a Gordy Halvorsen ikundiyabwa pakhosi, ndikapanda kuinena nditupa.

A Gordy amagulitsa matayala. Ndi munthu wathupi, wandevu zofiira, ndipo chinthu chilichonse padziko lapansi amachidziwa asanachione. Akazi awo, azakhali a Darlene, ndi namwino. Sabata ija chimfine chinagwetsa anamwino anzawo ambiri, ndiye anawauza kuti azilowa m'mawa n'kumatuluka anthu atadya kale. Pakhomo pali ana awiri: Tanner wosewera hoke, mpira wa ndodo wa pa ayezi, amene amadya ngati akukwirira dzenje, ndi Brielle wamng'ono, wapakamwa ngati lumo.

Loweruka a Darlene anangoti, "Gordy, amayi aimba foni. Akuti abwere adzakhale nafe mpaka chipale chisungunuke, aziphikira ana."

A Gordy anatsamwa ndi khofi. "Azidzagona kuti?"

"Kuchipinda chapansi."

Chipinda chapansi! Inu, kumeneko n'kumene kumakhala mtima wa a Gordy. Kuli TV yaikulu ngati chitseko, mbedza zawo, mutu wa gwape pakhoma, ndi mpando wopendekeka umene unatengera kale maonekedwe a msana wawo. Ndipo apongozi awo, agogo a Arlys, ndi munthu woti akalowa m'chipinda, tsiku lomwelo paliponse pamakhala tinsalu toluka, ngakhale panyanga za gwape.

"Palibe chifukwa chovutitsira munthu wokalamba," anatero a Gordy. "Ndiphika ine."

"Inu?"

"Darlene, akazi mumakuza zinthu. Kuphika n'chiyani? N'kutenthetsa chinthu mpaka chisinthe mtundu."

A Darlene anati, "Chabwino. Sabata ino ana adye chamadzulo chophikidwa pakhomo, chotentha, tsiku lililonse. Osati pitsa yoitanitsa, osati mabaga a pawindo la galimoto. Brielle azinditumizira chithunzi cha mbale. Mukaphonya kamodzi kokha, amayi akubwera ndi masutikesi awo."

"Auzeni asavutike n'kuwapukuta fumbi masutikesiwo."

Chimene chinkawapatsa mangolomera chinali kavidiyo ka pafoni. Mayi wina wa mano oyera, wa khitchini yosaoneka ngati munalowapo mwana, ankaphika zakudya za sabata yonse Lamlungu, n'kuziika mufiriji, kenako n'kumangotenthetsa akumwetulira. A Gordy anakaonera mpaka pakati n'kunena kuti zotsalazo akuzidziwa.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anatenga ana kupita kusitolo yaikulu ija ya kunja kwa tauni, yomwe sugula chinthu chimodzi koma katoni. Anakoka ngolo ziwiri, chifuwa patsogolo ngati akupita kunkhondo.

"Adadi, mayonesi ameneyo ndi ndowatu," anatero Brielle.

"Ukagula wambiri amatchipa."

"Ife sitidya mayonesi."

"Muyamba."

Anakweza thumba la anyezi lofanana msinkhu ndi Brielle yemweyo, tchizi chonga njerwa, nyama yogaya, nyemba za m'zitini zoti n'kudyetsa asilikali. Pakona panali mayi wogawa tizidutswa ta soseji toti anthu alawe. A Gordy analawa, anazungulira shelufu, anavula chipewa, n'kubweranso ndi nkhope yachilendo.

"Bambo," anatero mayiyo, "ndevu ndi zomwe zija."

Chakumapeto kunali nkhuku zootcha kale, zotentha, fungo lake likufika kunja koimika magalimoto, mayi aliyense wanzeru akunyamula yake. Tanner anatambasula dzanja.

"Siya! Imeneyo ndi nkhuku ya anthu aulesi. Ife kwathu timadya nkhuku ya amayi ako, yophikidwa ndi chikondi."

"Ndi yomweyitu, adadi," anatero Tanner. "Amami amangoisamutsira m'mbale yathu."

A Gordy anaima kaye. Zaka zonsezi akhala akuyamikira nkhuku imeneyo pamaso pa alendo! Munthu wina akanaphunzirapo kanthu pamenepo, akanangonyamula ziwiri mwakachetechete. Iwo ayi. Anakankha ngolo n'kudutsa, mphuno m'mwamba.

Masana onse khitchini inali ngati fakitale. Kabelu kochenjeza za utsi kanalira, kanalira, mpaka anakachotsa batire kuti kaleke miseche. Pomwe dzuwa limalowa panali mathireyi a foyilo ali mbwee patebulo: lazanya, chili wa nyemba ndi nyama wofiira psuu, msuzi wa nkhuku wa manudo onga spageti. Kunena zoona sizinkaoneka zoipa. Vuto linabwera atatsegula firiji yaikulu ya m'galaja. Inali yodzaza mpaka pakamwa ndi nsomba zimene a Gordy anawedza okha, zina Tanner akadali m'matewera.

"Tayani zakalezo," anatero a Darlene akudutsa.

"Nsomba zimenezo zili ndi mbiri."

Ndiye a Gordy anasuzumira pawindo. Januwale, chipale chofewa chili waa mpaka pomwe maso alekera. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene waitanidwa ndi mngelo.

"Anthu akugula mafiriji achiwiri," anatero, "pomwe Mulungu anatipatsa firiji yaulere kuchokera pano mpaka ku Canada!"

Tsono kuika mphika pakhonde nthawi yozizira tonse timachita, si nkhani. Koma a Gordy anaopa galu wa aneba awo a Duane Pekkala, dzina lake Pickles, amene amayendera makonde a anthu ngati wapolisi. Ananyamula mathireyi onse n'kupita nawo pachimulu cha chipale chija cha m'mphepete mwa msewu, anakumba phanga, anasanja bwinobwino, anatseka, n'kuzika pamwamba ndodo yakale ya hoke ya Tanner kuti pasasowe.

Inu, ndikufunseni. Mwana wa giredi yoyamba, wa mamina, sadziwa kodi mwini wake wa chimulu chimenecho? Kusukulu anatiphunzitsa kuti madzi akaundana amatupa. Sanatiuze kuti mutu wa munthu wamkulu umateronso.

Lolemba kunacha chipale chitagwa china, ndipo chigalimoto chokankha chipale chinadutsa monga chimachitira chaka ndi chaka, chimpeni chake chili pansi, gwedeee! A Gordy pobwera kuntchito anapeza chimulu chasamuka. Theka la ndodo ya hoke linali pa bokosi la makalata la a Duane, theka linalo silinaonekenso.

Anatenga fosholo n'kuyamba kukumba motsata msewu, ovololo ya kuntchito ikadali m'thupi. A Duane anatuluka ndi kapu ya khofi.

"Aneba, mwataya chiyani?"

"Palibe. Ndikungolimbitsa thupi."

"Pabwalo panga?"

"Chipale cha kwanu n'cholemererako."

Anapeza thireyi imodzi yokha, yophwatalala ngati magazini. Anailowetsa mu uvuni n'kupotoza moto mpaka pomaliza, poti ana anali atayamba kale kutsegulatsegula makabati. Inatuluka m'mbali muli makala, pakati pali ayezi. Tanner ankatafuna kukumveka khwa, khwa, khwa, ngati munthu akuyenda pamsewu wouma.

"Jambula mbali yomwe ikufuka nthunziyi," a Gordy anauza Brielle.

Foni inalira pomwepo. Anali a Darlene. "N'chiyani chimenecho?"

"Lazanya."

"Wachita ngozi?"

"Ndi wotentha, ndi wa pakhomo. Pangano ndi pangano."

Tsiku limenelo anapulumuka.

Lachiwiri madzulo a Duane anatulutsa makina awo oulutsa chipale kuti akonze njira ya galimoto. Akuyenda bwinobwino, makina anangoti khoo! khoo! kenako phwaaa! Chinthu chofiira chinauluka n'kukathira khoma lonse loyera la galaja yawo, mpaka pawindo la akazi awo, tizidutswa ta nyama tikutsetsereka. A Duane anazimitsa makina n'kugwada m'chipale, manja kumutu.

"Pickles! Mayo ine, ndapha Pickles! Ndikawauza chiyani ana?"

Msewu wonse unatuluka. Mayi wina anayamba kale kupemphera. Ndiye Pickles uja anatulukira kuseri kwa nyumba, mchira uli pikupiku, n'kuyamba kunyambita khoma. A Duane anadzuka pang'onopang'ono, anatola kanthu paphewa pawo, n'kukayang'anitsitsa. Nyemba.

"Gordy," anatero, "uyu ndi chili."

"Zoona? Mwina wagwa m'ndege."

Koma maso a a Gordy anali pakhoma paja, pamwamba pomwe galu sankafikira, ndipo m'manja anali atagwira supuni. Supuni anaitenga nthawi yanji, palibe anaona.

"Adadi," anatero Brielle, "mukangokanda khoma limenelo ndikuimbira amami."

Tsiku limenelo ana anadya anyezi wowotcha ndi tchizi, pamwamba mayonesi. A Gordy anati ndi chakudya cha ku France. Brielle anati n'chifukwa chake anthu a kumeneko ndi owonda.

Lachitatu kunabwera kamphepo kofunda kaja kamene kamatinamiza pakati pa dzinja. Firiji ya Mulungu inazima yokha. Chipale chinayamba kusungunuka, ndipo akhwangwala a boma lonse anachita msonkhano mumsewu mwathu. Ena ankauluka manudo akulendewera kukamwa ngati akukamanga chisa cha spageti. A Gordy anawathamangitsa ndi tsache, anaterereka, anakhala pansi m'matope a msuzi wawo womwe. Basi, anabwerera m'galaja n'kutulutsa imodzi mwa nsomba za mbiri zija.

Mbiriyo inamveka mpaka kwa a Duane. Anatsegula mawindo onse, ana anadya atavala majekete, ndipo Pickles, galu wodya masokosi, ananunkhiza pakhomo n'kubwerera yekha. Aphunzitsi a hoke anaimba foni kufunsa ngati kunyumba kuli bwino, poti Tanner akuthamanga ngati nkhalamba ndipo anzake akukana kukhala naye pabenchi chifukwa cha anyezi.

Brielle anaika foloko pansi. "Adadi, chithunzi ndatumiza. Koma mawa mukatipatsanso anyezi kapena nsomba, agogo ndiwaimbira ndekha. Nambala ndikuidziwa pamtima."

Ine apa m'pamene ndimadabwa. Spageti wa m'paketi mwana aliyense amatha kuwiritsa. Mazira alipo. Koma munthu amene wauza dziko lonse kuti kuphika n'kosavuta sangaimenso pamzere kusitolo ndi kapaketi kamodzi, anthu akumuona. Komanso Lachinayi kunaundananso, misewu inasanduka galasi, tauni yonse inakumbukira tsiku limodzi kuti ikufuna matayala. A Gordy anagwira ntchito osakhala pansi, mutu uli kuchipinda chapansi, akuona tinsalu toluka panyanga za gwape wawo.

Ndiye wailesi ya m'shopu inayamba kuwerenga mauthenga a maliro. Bambo wina wa m'tauni yoyandikana nafe watisiya, mwambo uchitika masana, ndipo ukatha, onse akuitanidwa kuchakudya m'holo yapansi ya tchalitchi.

A Gordy anaimitsa sipanala m'mwamba. Chakudya cha pamaliro! Amayi a mpingo amaphika kunyumba kwawo n'kubwera nacho chikutentha. Chophikidwa pakhomo! N'zoona kuti tauni imeneyo ndi kwa agogo a Arlys, koma kumeneko kuli matchalitchi awiri a Lutheran oyang'anana, amene anasiyana kalekale pa nkhani ya nyimbo. Agogo amapemphera la chitseko chofiira. Maliro anali ku la chitseko choyera. A Gordy anaona kuti masamu akwana.

Anakatenga ana kusukulu. "Valani zakuda. Tikupita kumaliro."

"Wamwalira ndani?"

"Mnzanga wapamtima."

"Dzina lake ndani?" anafunsa Brielle.

"Tikaona pakhomo."

Anafika mwambo utatha, anthu akutsikira kuholo. Pakhomo panali chithunzi cha malemu: Vernon Aamodt, mkulu wadazi, womwetulira mwaulemu. M'kati, inu, matebulo atatsala pang'ono kuthyoka! Mahotidishi, mbatata ndi nyama zophika mu uvuni, akubwadamuka, mabanzi a hamu, jelo wotsekemera wobiriwira akunjenjemera m'mbale, makeke odulidwa timabokosi. Tanner anagwetsa misozi yeniyeni, anthu n'kumamusisita pamsana kuti limba mtima mwanawe.

Anakhala pakona. "Jambula mbale yokha," ananong'ona a Gordy. "Maluwa asaoneke. Bisa pulogalamuyo."

Asanameze supuni yachiwiri, pafupi pawo panaima mayi wamng'ono thupi, wovala zakuda, maso otupa. Anali a Lorraine, akazi a malemu.

"Pepani bambo, nkhope yanu sindikuikumbuka. Amuna anga munkadziwana nawo bwanji?"

Kuno kwathu ukasowa chonena umatchula nsomba. "Tinkawedza limodzi, mayi."

Mayiwo anagwira pachifuwa. "Loweruka?"

"Eee... Loweruka."

"Ndinu inu! Ambuye, ndiye zinali zoona! Zaka zonsezi Vernon amachoka Loweruka lililonse kuti akukawedza ndi mnzake, osabwera ndi nsomba ngakhale imodzi, ine kumaganiza kuti kuli mkazi wina! Ndamulakwira mwamuna wanga!" Anawakumbatira a Gordy, nkhope yonse m'ndevu. Kenako anatembenuka n'kufuula, "Abale, mnzake wa Vernon uja alipodi! Bwerani bambo, mulankhulepo."

A Gordy anakokedwa dzanja, supuni ikadali m'manja, mpaka kutsogolo pa maikolofoni. Ndipo mukudziwa, munthu ameneyu akaona anthu akumumvetsera, manyazi amathawa. Anayamba ndi kunena kuti Vernon anali munthu wofatsa. Kenako zinawakomera. Anafotokoza mmene Vernon ankabwezera nsomba iliyonse m'madzi chifukwa cha chifundo, ataipsompsona pamphumi. Anafotokoza tsiku limene ayezi anasweka, Vernon n'kuwakoka iwo ndi ndevu. Anthu ankalira. Kumbuyo kwenikweni kunali mayi wina wa jekete lofiira amene palibe ankamudziwa, ankalira kuposa onse, ndipo ankawayang'ana a Gordy ndi maso othokoza kwambiri. Ine za mayi ameneyo ndimaziganizirabe, koma amayi anga anati ndidakali mwana.

Ali pakati pa nkhani ya nsomba yachitatu, kawindo ka kukhitchini kanatseguka. Chimene a Gordy sankadziwa, poti apongozi akamalankhula iwo makutu amakhala ku TV, n'chakuti matchalitchi awiri aja amakangana pa nyimbo zokha. Pa maliro amayi a matchalitchi onse awiri amaphika limodzi. Pakawindopo panaonekera agogo a Arlys, epuloni m'chiuno, chipande m'manja.

Anayang'ana mkamwini wawo pa maikolofoni. Anayang'ana Tanner akulonga mabanzi m'matumba a jekete. Anayang'ana Brielle, amene anakweza foni n'kujambula bambo ake ataima pamenepo, maluwa onse akuoneka, n'kutumiza kwa amayi ake. Agogo anadikira mpaka a Gordy anene ameni, poti pamaso pa namfedwa sungachititse munthu manyazi. Kenako anawakodola a Gordy ndi chipande.

"Gordon."

"Amayi! Mwabwera? Imfa iyi yatikhudza tonse."

"Vernon ankaopa madzi, Gordon. Ngakhale pa ubatizo wa mwana wake anaima patali." Analankhula motsitsa, akumwetulira anthu odutsa. "Koma Lorraine agona tulo lero, ndiye bodza limenelo mulisunga mpaka kumanda kwanu. Tsono adzukulu anga akutani pamaliro a munthu wosamudziwa, akudya ngati othawa nkhondo?"

A Gordy anawongola kolala. Ngakhale pamenepo, inu, ngakhale pamenepo! "Amayi, pangano linati chakudya chotentha, chophikidwa pakhomo. Silinanene kuti pakhomo pa ndani."

"Zoona, mwana wanga, mwawina," anatero agogo. "Chaphikidwa pakhomo. Pakhomo panga. Hotidishi ili m'mbale yanuyo ndadzuka nayo ine m'mamawa. Ndiye poti ana akudya kale za m'manja mwanga, n'kuvutikiranji kuwayendetsa mtunda wonsewu pamsewu woterera? Malizani mbale yanu, mukandinyamulire masutikesi. Ndinalonga kale Loweruka."

Foni ya a Gordy inanjenjemera m'thumba. A Darlene analemba mawu ochepa: "Mabulangete oyera ali m'kabati ya pamwamba."

Atafika kunyumba, a Gordy anatsitsira masutikesi kuchipinda chapansi okha, limodzi ndi limodzi, masitepe akulira, thukuta lili kamukamu. Agogo anatsika pambuyo, anayendera chipinda chonse manja kumbuyo, anagwedezera mutu gwape uja ngati akumulonjera. Kenako anakhala pampando wa a Gordy, anakoka kachitsulo ka m'mbali, miyendo inakwera m'mwamba, msana unalowa m'malo mwake ngati anaupimira iwo.

"Eee, Gordon, mpando uwu ndi wabwino. Nanga munkaubisiranji?" Anatambasula dzanja, a Gordy n'kuikamo rimoti ngati munthu wopereka makiyi kwa apolisi. "Potuluka mutseke chitseko, kukulowa mphepo. Ndipo mawa mukaweruka mudzere kusitolo, mukanditengere nkhuku ziwiri zootcha kale zija. Ine Lachisanu sindiphika."